Kafikitsidwe ka uthenga mumsasa wa anthu a ziyankhulo zambiri

Munthu wochoka kuno ku Zomba kukagwira ntchito kumsasa wa anthu othawa kwawo, kaya ndi wophunzira wa ku Chanco, namwino, wachinyamata wa kumpingo kapena kumzikiti, kapenanso wolembedwa ntchito ndi bungwe, kawirikawiri amanyamuka ndi mapepala olembedwa bwino m'Chingerezi ndi m'Chichewa. Akafika amamata pakhoma, amalengeza pa chimkuzamawu, n'kulemba mu lipoti kuti anthu auzidwa. Tsiku la katemera likakwana, pamzere pamapezeka anthu owerengeka, amayi a ana ali kumjigo ndi kumsika, osadziwa kanthu. Sikuti anthuwo ndi amphwayi. Uthenga unatuluka pakamwa koma sunalowe m'nyumba. Zonse zimene talemba panozi zatsamira pa mfundo imodzi: musanene kuti uthenga wafika mpaka mayi wosadziwa kuwerenga, wokhala kumapeto kwenikweni kwa msasa, ataubwereza m'chiyankhulo chake, n'kutchula choti achite, tsiku lake ndi malo ake.

Yambani mwadziwa kumene mukupita

Msasa wa Dzaleka uli m'boma la Dowa, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pagalimoto kuchoka ku Lilongwe. Kale pamalopo panali ndende ya andale, ndipo anapasandutsa msasa wa othawa kwawo m'chaka cha 1994. Anaukonzera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma lero muli anthu opitirira 50,000. Ochuluka ndi a ku Democratic Republic of Congo, kenako a ku Burundi ndi Rwanda, ndipo pali magulu ang'onoang'ono a ku Somalia ndi Ethiopia. Amene amayang'anira msasa ndi boma, kudzera ku nthambi yoona za othawa kwawo ya mu unduna wa zachitetezo cha m'dziko, mothandizana ndi UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo. Musalowe ndi chimkuzamawu kapena kope la mafunso musanatenge chilolezo ku nthambiyi ndi kukaonekera ku ofesi ya woyang'anira msasa. Mlendo wongotulukira n'kuyamba kulemba maina a anthu amadzetsa mantha amene amatenga miyezi kuti athe.

Ife a kummwera kuno tili ndi chizolowezi chimene chimatisokeretsa. Othawa nkhondo amene makolo athu anawalandira anali a ku Mozambique, oposa miliyoni imodzi pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ambiri ankayankhula Chinyanja, Chisena, Chiyao kapena Chilomwe, ziyankhulo za pakhomo pathu pomwe. Ngakhale amene anasungidwa ku Luwani, m'boma la Neno, mu 2016, kumvana nawo sikunali kovuta kwenikweni. Ku Dzaleka n'kwina. Kumeneko mumva Chiswahili, Chirundi, Chinyarwanda, Chifalansa, Chilingala, Chibembe, Chisomali, Chiamhariki ndi Chioromo, kuphatikizapo Chichewa cha ana obadwira mumsasa ndi cha anthu amene ankachita malonda m'matauni asanabwezedwe kumsasa mu 2023. Mawu oti "Maburundi", amene timaitanira aliyense wothawa kwawo, asiyeni ku depoti. Munthu wa ku Congo kapena ku Rwanda akamva mukumutchula choncho, amadziwiratu kuti simunavutike n'komwe kufunsa kuti iye ndi ndani, ndipo zimene munene pambuyo pake azimvera ndi khutu limodzi.

Kanthu kena kakang'ono koma kosokoneza: mazoni a mumsasa ali ndi maina a malo odziwika, monga Kawale, Likuni, Blantyre ndi Zomba. Mukanena kuti "msonkhano uli ku Zomba", nenani momveka kuti ndi zoni ya mumsasa momwemo.

Masiku atatu oyamba ndi a kope, osati a chimkuzamawu

Musanalembe uthenga uliwonse, yendani zoni iliyonse ndi mtsogoleri wake pamodzi ndi womasulira. M'zoni iliyonse fikani makomo 20, mukudumpha makomo anayi n'kulowa lachisanu, kuti asakutengereni kwa anzawo okhaokha a mtsogoleriyo. Pakhomo lililonse funsani zinthu zitatu mosiyanitsa: chiyankhulo chimene amayankhula akakhala pa mkeka ndi ana, chimene amatha kumva akapita kumsika, ndi chimene amatha kuwerenga. Mayankho atatuwa sakhala amodzi. Bambo wa ku South Kivu, chigawo cha kummawa kwa Congo, atha kuyankhula Chibembe pakhomo, Chiswahili pamsika, n'kumawerenga Chifalansa chifukwa ndi chimene anaphunzira kusukulu. Mkazi wake, ngati sanapite patali ndi sukulu, Chifalansacho sichimuthandiza konse. Mukafunsa bambo yekha, mulemba kuti "khomo ili ndi la Chifalansa", ndipo mayi, amene amatunga madzi ndi kupita ndi mwana kusikelo, mwamutaya. Choncho mayi mufunseni payekha, makamaka kudzera mwa womasulira wamkazi.

Onjezani mafunso awiri. Loyamba: nkhani yomaliza ya chakudya kapena ndalama za WFP (bungwe la United Nations loona za chakudya) munaimva kwa ndani? Lachiwiri: mukamva nkhani yokayikitsa, mumakafunsa kwa ndani kuti mutsimikize? Yankho loyamba likuuzani njira imene nkhani imayendamo kale, lachiwiri likuuzani anthu amene amakhulupiriridwa. Nthawi zambiri simupeza dzina la ofesi. Mupeza m'busa, shehe, mayi wotsogolera gulu losunga ndalama, mnyamata wotchajitsa mafoni. M'kopemo lembani udindo wa munthu ndi zoni, osalemba dzina la amene wakuyankhani.

Kulemba uthenga woti ukamasuliridwe

Uthenga umodzi ukhale ndi nkhani imodzi. Mukaphatikiza katemera, kalembera ndi msonkhano wa makolo papepala limodzi, anthu akumbukira chimene chili ndi ndalama, zinazo ziiwalika. Lembani ziganizo zosapitirira zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, chilichonse chachifupi, ndipo ziyankhe mafunso awa: ukukhudza ndani, achite chiyani, liti, kuti, anyamule chiyani, ndipo akafunse kwa ndani. Ngati thandizolo ndi laulere, nenani poyera ndipo bwerezani, pakuti pamene simunanene za mtengo, wina adzaikapo wake. M'Chiswahili mawu ake ndi "bure", m'Chifalansa "gratuit".

Tengani uthenga wa kolera, matenda amene anatisautsa dziko lonse mu 2022 ndi 2023. Woulemba mwaukatswiri amati anthu "atsatire njira zaukhondo ndi kuonetsetsa kuti madzi ndi otetezedwa". Mawu oterewa palibe amene angawachite ndi manja. Lembani chonchi: thirani kachitsekero kamodzi ka WaterGuard m'chigubu cha malita 20, khutchumulani, dikirani mphindi 30 musanamwe. Munthu akayamba kutsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS m'lita imodzi ya madzi otetezedwawo, azimwa pang'onopang'ono muli pa ulendo wa kuchipatala, ndipo otsala akatha tsiku lathunthu atayeni. Kenako funsani kuti anthu kumeneko amatungira m'chiyani. Ngati ambiri ali ndi zigubu zachikasu zija za mafuta ophikira, tchulani chigubucho ndipo chionetseni. Lita imodzi ionetseni ndi mabotolo awiri a theka la lita. Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti mayi amathira paketi yonse m'kapu imodzi, poganiza kuti mankhwala akhale amphamvu, ndipo mchere ndi shuga zikachuluka choncho mwana amaonjezera kutsegula.

Miyambi, nthabwala ndi mawu achidule a mabungwe zisalowe m'uthenga woti umasuliridwe. Mwambi umene umagwira mtima ku Jali kapena ku Mayaka, womasulira wa Chisomali aumasulira liwu ndi liwu, ndipo omvera atsala akudabwa kuti nkhani ya nkhono yalowa bwanji pa za katemera.

Masiku ndi maola: apa ndi pamene ambiri amagwa

Pali misampha itatu imene Mmalawi saiona chifukwa ziyankhulozi zimamveka ngati zapachibale.

Woyamba ndi wa masiku. Ife tikati Lachitatu timawerenga kuyambira Lolemba. Chiswahili cha ku Tanzania ndi Kenya chimawerenga kuyambira Loweruka, ndiye "Jumatatu" ndi Lolemba, "Jumanne" ndi Lachiwiri, "Jumatano" ndi Lachitatu. Wachinyamata amene wangophunzira kuti "tatu" ndi zitatu akamasulira Lachitatu kuti "Jumatatu", anthu abwera masiku awiri nthawi isanakwane, apeza pachipatala palibe kanthu, ndipo tsiku lenilenilo sabweranso. Chirundi ndi Chinyarwanda zimawerenga ngati ife: "ku wa gatatu" ndi Lachitatu. Ndipo anthu ambiri a ku Congo pa Chiswahili chawo amati "siku ya tatu" kutanthauza Lachitatu. Choncho tsiku litchuleni pawiri, dzina lake ndi deti yake m'manambala, ndipo tsiku likayandikira lengezaninso ndi mawu oti "mawa".

Wachiwiri ndi wa maola. M'Chiswahili tsiku limayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka. "Saa moja asubuhi" ndi 7 koloko m'mawa, "saa mbili" ndi 8 koloko, "saa nne" ndi 10 koloko. Kusiyana kwake ndi maola 6. A ku Burundi, Rwanda ndi Ethiopia nawonso amawerenga motero. Mukalemba "8:00" papepala popanda chilichonse, wina awerenga 8 koloko m'mawa, wina amva "saa nane", imene ndi 2 koloko masana. Njira yake ndi kulemba nthawi m'mawu a chiyankhulocho, kujambula wotchi yoonetsa mivi pambali pake, ndi kuphatikizapo chizindikiro chimene aliyense amachidziwa, monga "ana akangolowa m'kalasi" kapena "mapemphero a masana a kumzikiti akangotha".

Wachitatu ndi wa kalendala. Ya ku Ethiopia ili ndi miyezi 13, chaka chake chimayamba pa 11 kapena 12 Sepitembala, ndipo ili m'mbuyo ndi zaka 7 kapena 8 poyerekeza ndi yathu. Polemba tsiku lobadwa la munthu wa ku Ethiopia, funsani kuti watchula pa kalendala iti. Mukapanda kufunsa, mapepala ake adzasemphana, ndipo adzaoneka ngati wonama pamene sananame.

Palinso mawu ofanana kamvekedwe koma osiyana tanthauzo. "Mbali" m'Chiswahili ndi kutali. "Chuma" ndi chitsulo. "Chumba" ndi chipinda, pamene kwathu kuno ndi liwu lopweteka lonena mayi wosabereka. Namwino Mmalawi akamva womasulira akutchula liwuli pamaso pa mayi wodwala, asadzidzimuke, ndipo iyenso asaganize kuti Chichewa chake chosakaniza ndi Chiswahili cha pamsika chikwanira pa nkhani ya mankhwala.

Kumasulira ndi kubweza

Pa chiyankhulo chilichonse pakufunika anthu atatu. Woyamba amasulira kuchoka ku Chichewa kapena Chingerezi. Wachiwiri, amene sanaone pepala loyambalo, atenga zomasulirazo n'kuzibweza ku Chichewa kapena Chingerezi. Inu muyerekeza mapepala awiriwo, ndipo paliponse pamene asemphana, pamenepo pali vuto. Wachitatu ndi munthu wamba wa mumsasa, makamaka mayi wachikulire, amene amuwerengera mokweza kamodzi, kenako n'kumufunsa kuti: mwamva kuti muchite chiyani? Musamufunse kuti "mwamva?", chifukwa mwaulemu ayankha kuti eya. Akalakwitsa tsiku kapena muyeso, konzani uthengawo, osati mayiyo. Ntchito yonseyi pa uthenga wa ziganizo zisanu imatenga maola awiri kapena atatu pa chiyankhulo, ndipo muiike m'ndondomeko yanu kuyambira pachiyambi.

Chiswahili chikhale cha anthu amene ali mumsasamo. Chiswahili cha m'mabuku a ku Dar es Salaam chili ndi mawu ambiri amene mayi wa ku Uvira sawagwiritsa ntchito, pakuti cha ku Congo chimasakaniza Chifalansa, makamaka pa za chipatala, sukulu ndi manambala. Makina omasulira a pa intaneti amatulutsa cha m'mabukucho. Muthanso kuyambira pamenepo, koma musamate pakhoma munthu asanachikonze. Chiamhariki chili ndi zilembo zakezake, ndipo kompyuta imene ilibe zilembozo imasindikiza timabokosi topanda kanthu. Sindikizani tsamba limodzi, mwini chiyankhulo aliwerenge, kenako muchite fotokope. Chisomali ndi Chioromo zimalembedwa ndi zilembo ngati zathuzi.

Mawu amene mwagwirizana, monga a kolera, katemera, kalembera, nkhanza, chinsinsi, asungeni m'kope limodzi la gulu lonse. Bungwe lina likatchula chinthu ndi liwu ili, lina ndi liwu lina, anthu amaganiza kuti ndi zinthu ziwiri.

Womasulira pamaso pa anthu

Womasulira si chitoliro chongodutsitsa madzi. Ali ndi dziko lake, mtundu wake, mpingo wake, ndipo anthu amamudziwa. Ambiri mumsasa anathawa nkhondo za pakati pa mitundu, ndipo ena amene anathawana akukhala moyandikana. Munthu sangafotokoze zimene zinamuchitikira kudzera pakamwa pa wa gulu limene amaliopa, ngakhale chiyankhulo chikhale chimodzi. Pa nkhani ya munthu mmodzi, mufunseni kumbali, womasulira asanalowe, ngati ali womasuka ndi ameneyo, ndipo mukhale ndi wina woti n'kusintha. Inu musafunse munthu mtundu wake pagulu.

Nkhani za uchembere, kugwiriridwa ndi nkhanza za m'banja zimafuna womasulira wamkazi. Ana asamasulire nkhani za makolo awo. Zimakopa, chifukwa mwana wa sitandade 6 amayankhula Chichewa chosalala kuposa aliyense pakhomopo, koma simungamusenzetse mwana kuuza mayi ake zotsatira za kuyezetsa magazi. Mwanayo abisa zina chifukwa cha manyazi, ndipo mayi abisa zambiri.

Poyankhula, yang'anani mwini nkhani, osati womasulira. Nenani ziganizo ziwiri, imani. Womasulira anene monga mwini mawu, "mutu ukundipweteka", osati "akuti mutu ukuwapweteka", chifukwa kalankhulidwe kachiwirika kamatsegula mpata woti ayambe kufupikitsa ndi kuikamo maganizo ake. Mukaona wodwala wayankhula kwa mphindi yathunthu, womasulira n'kungoti "akuti ali bwino", pemphani modekha kuti abwereze zonse. Mupatseni mpumulo pakatha mphindi 30 kapena 40, ndipo mulipireni monga mwagwirizana musanayambe. Pa msonkhano wa gulu, kumbukirani masamu ake: mawu a mphindi 15 m'ziyankhulo zinayi ndi ola lathunthu, ndipo a chiyankhulo chomaliza amakhala atatopa kapena atachoka. Ndi bwino kugawa anthu m'magulu a ziyankhulo pansi pa mitengo yosiyana. Ngati simungathe, muzisinthasintha chiyankhulo choyambira, kuti a Chisomali ndi Chiamhariki asamakhale otsiriza masiku onse.

Njira zotumizira: palibe imodzi yokwanira

Uthenga wofunika udutse njira zosachepera zitatu, ndipo ziwiri mwa izo zikhale za pakamwa.

Chimkuzamawu chimagwira ntchito munthu ataima. Wolengeza akuyenda, khomo lililonse limamva chidutswa, ili limva tsiku, linalo limva malo. Sankhani malo oimapo: pamjigo m'mamawa, pachigayo, pamzere wa kuchipatala, pamsika wa Lachiwiri umene kumeneko amautcha Mardi Marché. Imani mphepo ikuchokera kumsana kwanu, pakuti ku Dowa kumaomba mphepo yozizira imene imabweza mawu. Uthenga usapitirire masekondi 40 pa chiyankhulo, muunene katatu, kenako mukhale pomwepo mphindi zisanu kuyankha mafunso. Wolengezayo awerenge papepala, asanene za m'mutu, chifukwa pofika pamalo achisanu uthenga umakhala utasintha. Mabatire apadera akhale m'thumba. Akayamba kufooka mawu amasasa, ndipo manambala ndi amene amayamba kusamveka.

Bolodi la zidziwitso likhale pamene anthu amadikira, osati kuseri kwa mpanda wa ofesi kumene mlonda amafunsa chimene mwadzera. Pepala lililonse likhale ndi chidindo cha amene walitulutsa, deti yomatira ndi deti yochotsera. Pepala lakale losiyidwa pabolodi ndi gwero la mphekesera, chifukwa wina aliwerenga ngati la sabata ino. Zilembo za mutu zikhale zotalika masentimita atatu kapena kuposa, ndipo muziyese poima masitepe asanu kuchoka pabolodi. Gwiritsani ntchito fotokope, pakuti inki ya maprinta a madzi imasungunuka ndi mvula yoyamba ya Novembala, ndipo inki yofiira imafufuma msanga padzuwa. Lowetsani pepala m'kathumba ka pulasitiki kukamwa kwake kutaloza pansi. Chiyankhulo chilichonse chikhale ndi malo ake osasintha pabolodipo. Mbendera za maiko musaikepo ngati chizindikiro cha chiyankhulo, chifukwa ena anathawa boma la mbendera imeneyo. Ndipo musamate mndandanda wa maina a anthu olandira thandizo la matenda, la nkhanza kapena la ulendo wa kunja. Gwiritsani ntchito manambala a makadi awo, kapena auzeni mmodzimmodzi.

Zithunzi nazonso ziyesedwe ngati mawu. Chithunzi cha ntchentche yaikulu ngati nkhuku chimapangitsa ena kunena kuti zoterozo kuno kulibe. Mzere wofiira wodutsa pa chinthu si onse amene amaumva kuti ukuletsa. Onetsani anthu asanu popanda kufotokoza, anene okha zimene akuona.

Mumsasamo muli wailesi ya Yetu, imene imaulutsa m'ziyankhulo zingapo ndipo imamvekanso m'midzi yozungulira. Pitani nawo uthenga womasulira kale, ndipo pemphani pulogalamu yoimba foni, chifukwa mafunso a omvera ndi amene amakuonetsani pamene simunamveke. Pa WhatsApp, tumizani mawu ojambula m'malo mwa zolemba, osapitirira mphindi imodzi, oyamba ndi dzina la bungwe ndi deti, chifukwa uthenga wopanda deti umazungulira chaka chathunthu. Dziwani kuti foni ya pakhomo nthawi zambiri imayenda ndi bambo. Manambala aulere monga 116 ya ana ndi 5600 ya nkhanza, amene amayendetsedwa ndi YONECO kuno ku Zomba, kapena ya Chipatala Cha Pa Foni, ndi othandiza, koma musanawalembe papepala la Chisomali kapena Chirundi, imbani kaye mufunse ziyankhulo zimene angayankhe tsiku limenelo, ndipo mulembe zoona zake.

Mipingo ndi mizikiti imafikira anthu ochuluka pa tsiku limodzi kuposa njira ina iliyonse. Perekani pepala kwa atsogoleri pofika Lachinayi, kuti lipeze mapemphero a Lachisanu, a Loweruka ndi a Lamulungu. Musaike kalembera Lachisanu masana. M'mwezi wa Ramadan misonkhano ikhale m'mawa, ndipo musagawe zokhwasula masana pagulu losakanikirana. Akhristu a Orthodox a ku Ethiopia amachita Khrisimasi pa 7 Januwale.

Otsala ndi amene sapita kumjigo, kutchalitchi kapena kumsika: okalamba, olumala, osamva, osaona, ndi ongofika kumene amene sanadziwane ndi aliyense. Amenewa ndi a khomo ndi khomo basi. Mtsogoleri wa zoni akuthandizeni kuwadziwa, ndipo wongodzipereka mmodzi asapatsidwe makomo opitirira 25 kapena 30 pa tsiku. Chinenero cha manja cha kuno si chimodzi ndi cha ku Congo kapena Burundi, ndiye funani wa m'banjamo kapena mnzake wosamva amene amamvana naye kale. Anthu a m'midzi yozungulira msasa nawonso alandire uthenga womwewo m'Chichewa, kudzera kwa mafumu awo. Amatunga madzi amodzi, amagula pamsika umodzi, ndipo akamva kuti kumsasa kukuchitika zinthu zimene iwo sanauzidwe, pamabuka nsanje.

Mphekesera

Akuluakulu anati kandimverere adakanena za m'maluwa. Pamalo pamene anthu saloledwa kutuluka mwachisawawa kapena kulembedwa ntchito momasuka, ndipo tsogolo lawo lili m'manja mwa maofesi, nkhani iliyonse ya chakudya, kalembera kapena ulendo wa kunja imathamanga kuposa chimkuzamawu chanu. Khalani ndi kope la mphekesera. Aliyense wa gulu lanu alembe deti, zoni, chiyankhulo chimene anaimvera, ndi mawu ake enieni, popanda dzina la wonena. Madzulo aliwonse zisanjeni: imene ingaphetse munthu kapena kumuberetsa ndalama iyankhidwe mawa lomwe, zina zidikire kumapeto kwa sabata. Poyankha yambani ndi choona, ndipo musabwereze bodzalo pa chimkuzamawu, chifukwa womva chapatali atola bodza lokhalo. Ngati yankho mulibe, nenani tsiku limene mudzabwere nalo, ndipo tsikulo mubweredi, ngakhale kudzangonena kuti ofesi sinayankhebe.

Mphekesera yoopsa kwambiri ndi ya ulendo wopita kumaiko monga America, Canada kapena Australia. Padziko lonse, amene amapeza mwayi umenewu pa chaka sakwana mmodzi pa othawa kwawo 100 alionse, ndipo akathyali amadyera pa chiyembekezo chimenechi. Thandizo lonse la UNHCR ndi laulere. Aliyense wopempha ndalama kuti dzina likwere pa mndandanda ndi wakuba, ndipo uthenga umenewu ubwerezedwe mwezi ndi mwezi m'ziyankhulo zonse, pamodzi ndi malo okadandaula mwachinsinsi. Inuyo musalonjeze kanthu pa nkhaniyi, ngakhale kungoti "tiona". Liwu limenelo likamasuliridwa limasanduka lonjezo, ndipo mawa mupeza anthu 50 pakhomo panu atanyamula mapepala.

Bokosi la madandaulo lisaikidwe pakhomo pa ofesi imene anthu akuidandaula. Likhale ndi maloko awiri, makiyi ali ndi anthu awiri osiyana, ndipo litsegulidwe tsiku lodziwika. Poti ambiri salemba, pakhalenso munthu wokhala pamalo odziwika maola odziwika, wamwamuna ndi wamkazi, wolandira madandaulo a pakamwa.

Kuyesa ngati wafika, ndi kuyeserera muli konkuno

Pakatha masiku awiri chilengezereni, bwererani. Pa chiyankhulo chilichonse funsani anthu 10, asanu akhale amayi, awiri okalamba, ndipo ena akhale a kumalire kwa msasa. Funso ndi lomwe lija: mwamva kuti muchite chiyani, liti, kuti? Ngati osakwana 8 ayankha molondola, funsani amene alakwitsawo kumene anaumva. Onse akatchula malo amodzi, vuto ndi wolengeza wa pamenepo. Akalakwitsa mofanana koma anamva kosiyana, vuto lili m'kumasulira. Akati sanamve n'komwe, njira yanu sifika kwawoko, ndipo muonjezere ina tsiku lisanakwane.

Zonsezi mutha kuziyeserera musanakwere basi ya ku Lilongwe. Zomba ndi boma la ziyankhulo zingapo, ndipo madzi akasefukira, monga zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, anthu a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ndi mtsinje wa Likangala amasonkhana m'masukulu ndi m'matchalitchi, a Chiyao, a Chilomwe ndi a Chinyanja m'kalasi imodzi. Kumenekonso timaganiza kuti aliyense amamva Chichewa, pamene agogo ena amangogwedeza mutu mwaulemu. Tengani uthenga wa WaterGuard uja, wina aumasulire m'Chiyao, wina aubweze m'Chichewa asanaone woyambawo, kenako mupite nawo pamsika wa Songani, mutapempha kwa akuluakulu a msika, mukauwerengere amayi asanu ogulitsa tomato, mmodzimmodzi. Pa kalembedwe ka Chiyao ndi Chilomwe mungafunse ku Centre for Language Studies ya University of Malawi, ndipo pa Chifalansa pali aphunzitsi ndi ophunzira ake ku Chanco. Lembani nthawi imene ntchito yonseyo yakutengerani pa chiyankhulo chimodzi, muichulukitse ndi ziyankhulo zimene mukazipeze ku Dzaleka, ndipo masiku amenewo muwaonjezere pa ndondomeko ndi bajeti yanu musanaipereke kwa amene akukutumani.